Kapaipi ka pamimba pa akulu anga: tikazule tokha mawa kapena tidikire?

Nachisale_wa_Nchalo
Abale ndithandizeni, mutu wanga waima. Akulu anga anafika Lachisanu kuchokera ku Johannesburg komwe amagwira ntchito. Kumeneko anachitidwa opaleshoni yokonza mimba, ija amati tummy tuck, yodula khungu lolendewera ndi kusoka minofu ya pamimba. Ana anabereka anayi, omaliza mapasa, ndiye mimba inangotsala ngati thumba lotha ufa. Lero ndi tsiku la 9 chichitireni opaleshoniyo. Abwera ndi kapaipi kotuluka kumapeto kwa bala, kunsonga kwake kuli kabotolo kofewa kooneka ngati ndimu, komwe mukugwera timadzi tofiirira. Tipaipi tinali tiwiri, kamodzi anachotsa konko, aka anati kadikire. Iwo sanadikire poti amalume athu anatisiya ndipo sakanatha kukhala. Tsopano ndi kutentha kwa Okutobala kuno ku Nchalo, thukuta lili noninoni mkati mwa lamba amene anawamanga, pamene patulukira kapaipipo pakuyabwa, usiku sakugona. Akuti adokotala anati kadzachoka pakapita masiku 10, ndiye mawa ndikadule kaulusi ndikakoke ndekha. Ine manja akunjenjemera kale. Alipo anadutsamo?

Nyakwawa_Tengani
Ndalama zikachuluka zimasowa kopita. Amayi athu anabereka ana khumi, mimba ankangomanga ndi chitenje basi, n'kumapita kudimba.

Mai_Mapasa_Bangula
A Nyakwawa, munaberekapo mapasa inu? Khalani kaye chete.

Nyakwawa_Tengani
Kkkkk ndangonena zoona amayi.

Namwino_Wopuma_Ngabu
Mwana wanga Nachisale, pepani ndi maliro. Koma lumo ndi sizasi zibiseni, mawa musakoke kanthu. Ndagwira ntchito ku wodi ya opaleshoni zaka zambiri, ndipo ndikuuzeni kuti kapaipi sikachotsedwa poyang'ana kalendala, kamachotsedwa poyang'ana madzi amene akutuluka. Masiku 10 amene anamvawo kunali kungoyerekeza.

Nkhani yake ili apa. Pa opaleshoni imeneyi dokotala amasenda khungu ndi mafuta kuzilekanitsa ndi minofu, kuchokera m'munsi mwa mchombo mpaka kufupi ndi nthiti. Akakoka khungulo n'kusoka, pansi pake pamatsala mpata waukulu, ndipo timitsempha tating'onoting'ono tomwe tadulidwa timangodontha madzi mumpatamo. Madziwo akapanda kotulukira amadzadza, khungu limalephera kumata pa minofu. Kapaipi ntchito yake ndi kuyamwa madziwo kuti ziwirizi zigwirane. Dzina lake la kuchipatala ndi Jackson-Pratt, enafe timangoti JP, ndipo kabotolo kake nthawi zambiri kamalowa mamililita 100.

Madokotala ambiri amachotsa madzi akatsika kufika pa mamililita 30 kapena kucheperapo pa maola 24, masiku awiri otsatizana. Kwa ena zimachitika pa sabata imodzi, ena masabata awiri, ena kuposerapo. Ndiye funso langa: dzulo lonse, usana ndi usiku, munatuluka angati?

Nachisale_wa_Nchalo
Zikomo amayi. Zoyeza sitimayeza ayi, timangokhuthulira m'chimbudzi kakafika pakati. Koma dzulo tinakhuthula kawiri, kam'mawa kanali pang'ono kupitirira theka la mzere wa 50, madzulo chimodzimodzi.

Namwino_Wopuma_Ngabu
Mwaona? Ndiye kuti ndi oposa 50 amenewo. Sikanafike. Kuyambira lero pezani kope, lembani tsiku, nthawi, mamililita ndi mtundu wa madziwo. Mizere ya pa kabotolo imanamiza kakakhala kofinyika, bola mugule sirinji yaikulu ku famase kapena kakapu koyezera mankhwala a ana, muzithira m'menemo.

Kabaza_Dyeratu
Ine ndimaona ngati gululi ndi la mitengo ya thonje ndi mbuzi, lero tafika ku mimba za anthu kkkk

MwanaWaMsena
Achimwene gulu ndi la anthu a kuchigwa, zonse za kuchigwa zimalowa. Dzana munatifunsa za matayala a njinga yamoto, tinakuyankhani.

Mai_Mapasa_Bangula
Nachisale mvera anamwinowo, ine ndikulankhula ngati munthu amene anapsa nazo. Opaleshoni yomweyi ndinachita zaka zitatu zapitazo. Sikuti ndimafuna kuoneka ngati mtsikana ayi. Mapasa atabadwa minofu ya pamimba inatalikirana, pakati pamalowa zala zinayi, msana unkandipweteka, ndipo pansi pa khungu lopindikalo pankatuluka zilonda nyengo yotentha iliyonse. Wa kuchigwa kuno akudziwa chimene thukuta limachita pamalo opindika.

Tsono ine ndinakakamiza kuti andichotse kapaipi pa tsiku la 6 chifukwa ndimathamangira kunyumba, ana ndinasiyira apongozi. Anandichenjeza, ine osamva. Patapita masiku anayi m'munsi mwa mchombo munatupa, ndikadina mbali ino madzi amathawira mbali inayo ngati jumbo ya madzi ozizira ija amagulitsa pa siteji. Osapweteka kwenikweni, koma kulemera. Amati seroma. Ndinakwera Thabwa kupita ku Blantyre maulendo anayi kukapopa ndi singano, ulendo woyamba anatulutsa masirinji odzadza mpaka ndinasiya kuwerenga. Ndalama ya minibasi yochokera ku Bangula, ya chipatala, ya chakudya, kuwonkhetsa ndinalira. Kuyabwa kwa masiku asanu amene ndinawathawa aja kunali kotchipa.

Azakhali_a_Makhanga
Mumuthowe ndi madzi otentha pamimbapo m'mawa ndi madzulo, madzi oipawo atuluka msanga. Ife azimayi akachira timawathowa, mimba imabwerera. Mukatero mupake mafuta a nsatsi mozungulira kapaipiko, kuyabwa kutha.

Namwino_Wopuma_Ngabu
Azakhali, ndi ulemu wonse, apa ayi. Kuthowa mayi wochira ndi nkhani ina. Munthu wa opaleshoni iyi khungu la m'munsi mwa mchombo limakhala ladzanzi miyezi ingapo chifukwa timitsempha tomva tinadulidwa. Mutha kumuwotcha mpaka matuza iye osamva kanthu, ndipo khungu limenelo magazi akuyendamo movutikira kale, likapsa silipola msanga. Mafuta a nsatsi, phulusa, aloe vera wothyola kuseri kwa nyumba, zonsezi zisayandikire pabowo. Kapaipi ndi msewu wolowa mkati mwa thupi, chilichonse mwapaka pakhomo pake chikhoza kulowa.

Azakhali_a_Makhanga
Chabwino, inu ndi amene munaphunzira. Koma ife tinakula nazo.

Mphunzitsi_Miseu4
Ine funso langa ndi lina. Msuweni wanga anachita opaleshoni yomweyi ku Cape Town chaka chatha, anatuluka wopanda kapaipi ngakhale kamodzi, n'kuchira bwinobwino. Ndiye kodi tipaipiti n'tofunikadi, kapena dokotala wa akulu anuwo ndi wachikale?

Dotolo_wa_kuMudzi
Aphunzitsi, njira zilipo ziwiri ndipo zonse ndi zovomerezeka. Pali madokotala amene posoka amalumikiza khungu ku minofu ndi ulusi wambirimbiri mkati, mzere ndi mzere kutsika m'munsi, monga mmene telala amasokera thonje mkati mwa chofunda kuti lisamayendeyende. Mpata uja ukatsekedwa chotero madzi amasowa podikha, ndiye ena saikanso kapaipi. Njirayi anaitchukitsa ndi madokotala awiri a ku Dallas, bambo ndi mwana wake, a Pollock, amene analemba za iyo mu 2000. Koma imatenga nthawi yotalikirapo ku fiyeta, ndipo alipo madokotala amene amasoka choncho n'kuikabe kapaipi, makamaka ngati achotsa khungu lambiri kapena apopanso mafuta m'mbali. Chachikulu ndi ichi: msuweni wanuyo anasokedwa mokonzekera kukhala wopanda kapaipi. Akulu a Nachisale sitikudziwa anasokedwa bwanji. Dokotala amene anatsegula mimbayo ndi amene anaona kuti kakufunika.

Mphunzitsi_Miseu4
Ndamva, koma ndikuonabe kuti munthu wochokera kutali ngati kuno azisankha njira yopanda kapaipiyo. Taonani mavuto ali apawa.

Dotolo_wa_kuMudzi
Pamenepo sindikutsutsani kwenikweni, ndi funso loyenera kufunsa opaleshoni isanachitike. Kungoti wopanda kapaipinso madzi amatha kumudikha, ndiye kutali ndi dokotala kumakhalabe kutali.

Nyakwawa_Tengani
Ndiye mwavomereza zanga zija. Chitenje sichifuna dokotala.

Mai_Mapasa_Bangula
Chitenje ndinamanga miyezi isanu ndi itatu, minofu sinabwerere. Inu a Nyakwawa mimba yanu ya chibuku ija mwaimanga chitenje kangati?

MwanaWaMsena
Kkkkkkk amayi mwapha munthu

Kabaza_Dyeratu
A Nyakwawa akakwera njinga yanga ndimalipiritsa anthu awiri

Nyakwawa_Tengani
Iyi ndi mimba ya ulemerero, musaiyerekeze.

Nachisale_wa_Nchalo
Abale ndaseka mpaka akulu anga andikalipira kuti ndikuwaseketsa, bala likukoka. Koma tibwerere. Ndaona kuti kabotolo kaja nthawi zina kamakhala kotupa ngati mpira, nthawi zina kophwa. Chabwino ndi chiti? Komanso mu kapaipimo muli tinthu tofiira ngati ulusi.

Namwino_Wopuma_Ngabu
Funso labwino kwambiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Kabotolo kayenera kukhala KOPHWA nthawi zonse. Kakatupa ndiye kuti sikakuyamwa, kangokhala chokongoletsera. Mukamakhuthula chitani chonchi: sambani m'manja ndi sopo, tsegulani kachivindikiro osakhudza kukamwa kwake, thirani madzi mu choyezera, pukutani pakamwapo ndi thonje la sipiliti, kenako finyani kabotolo ndi dzanja lonse mpaka kaphwe, mutseke MUSANASIYE kufinya. Kawiri kapena katatu pa tsiku, kapena kakangofika theka. Kakamatupa kokha patangopita nthawi pang'ono muli mopanda madzi, ndiye kuti mpweya ukulowa penapake, mwina kapaipi kasuntha, akaone achipatala.

Tofiira mukunenato ndi timagazi toundana, si zoopsa, koma timatseka njira. Gwirani kapaipi mwamphamvu ndi zala ziwiri kufupi ndi khungu kuti kasakokeke, ndi dzanja linalo mukapane n'kutsetsereka kulowera ku kabotolo, ngati mukukama ng'ombe. Kathonje ka sipiliti kamathandiza kuti zala ziterere. Ndipo kabotolo musakasiye kali lende, kamangirireni ndi pini ku lamba kapena ku malaya, m'munsi mwa bala. Kakakodwa pa chitseko mudzamva kukuwa mpaka ku fakitale.

Mtundu wa madzi: masiku oyamba ofiira kwambiri, kenako otuwirako ngati madzi otsukira nyama, pomaliza achikasu owala ngati tiyi wosalowerera. Umo ndi mmene ziyenera kuyendera.

Mayi_Fatima_EastBank
Nanga kusamba? Kuno madzi a pa mjigo wathu ndi amchere, ukasamba thupi limachita kuyera mbuu. Pabala sangapweteke?

MwanaWaMsena
Mchere wa mijigo ya kuno ndiye musanene. Kwathu nyemba zimatha tsiku lonse pamoto osapsa, sopo osachita thovu. Anthu amakatunga ku Shire dala, ng'ona zili pompo.

Kabaza_Dyeratu
Nanga si paja mcherewo ndi mankhwala a mabala? Agogo ankatitsuka zilonda ndi madzi a mchere.

Dotolo_wa_kuMudzi
Madzi a mchere a kuchipatala ndi oyezedwa komanso ophedwa tizilombo, si a pa mjigo. A ku Shire ndiye asayandikire n'komwe. Za kusamba madokotala amasiyana, ena amalola kusamba kothira madzi pakapita masiku awiri, ena amati mpaka kapaipi kachoke. Poti kuno timasamba a mu ndowa, ine ndingati awiritse madzi, azizire, azidzipukuta ndi kansalu koyera thupi lonse kusiya pabala ndi pabowo. Pabowo apukute mozungulira ndi gozi, aumitse, aike gozi wina wouma. Akanyowa ndi thukuta asinthe, osadikira mawa. Mkati mwa lamba avale kamalaya kopyapyala ka thonje, akhale nato tiwiri tosinthana. Lambayo asamutaye chifukwa cha kutentha, amathandiza khungu kumata, ambiri amavala pafupifupi masabata asanu ndi limodzi.

Koma ine chikundidetsa nkhawa si kapaipi kokha. Munthuyu wakwera ndege pasanathe sabata chichitireni opaleshoni yaikulu, kenako galimoto kuchokera ku Chileka kutsika Thabwa, kenako ndikudziwa wakhala pansi m'nyumba ya siwa maola ambiri miyendo itapindidwa. Opaleshoni ya pamimba imeneyi imadziwika ndi vuto la magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo. Nachisale, muwayang'ane akatumba. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha kapena kupweteka, kapena akayamba kubanika, kupweteka pachifuwa, musalembe pa gulu pano, thamangani kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Aziyenda pang'onopang'ono m'nyumba maola angapo aliwonse, chowerama momwemo, ndipo azimwa madzi ambiri.

Nachisale_wa_Nchalo
Iii adokotala mwandiopsa. Ndawayang'ana, miyendo ili bwino yonse, yofanana. Pa maliro anakhala pa mpando, azimayi ena mpaka anayamba kunong'ona kuti a ku Joni sakhala pamphasa. Sanauze anthu za opaleshoniyi, akudziwa ndi ine ndi amayi basi. Kabotolo amakabisa mu chitenje.

Mai_Mapasa_Bangula
Zimenezo ndiye ndimazidziwa. Ine ndinanamiza mudzi wonse kuti ndi chophukacho. Munthu ukanena zoona amakuyesa wonyada, mawa lake akubwera kudzakongola ndalama poti uli nazo zotaya.

Mlongo_wa_Nsanje_Boma
Koma kubisako kusafike kuchipatala. Ndanena dala. Mnzanga wina anapita ku kiliniki thupi litatentha, osanena kuti ali ndi bala pamimba, anamuyeza malungo, anampatsa mankhwala n'kubwerera. Chonsecho vuto linali bala.

Namwino_Wopuma_Ngabu
Mlongo wanenetsa. Kuno kuchigwa thupi likangotentha tonse timati malungo, ndipo nthawi zambiri amakhaladi malungo, udzudzu wa m'mizimbe sucheza, makamaka kwa munthu amene wakhalitsa kunja. Agone mu neti. Koma thupi likafika madigiri 38, akayezetse malungo NDIPO avule lamba awaonetse bala. Zina zothamangira nazo: madzi a mu kabotolo akasanduka amatope kapena onunkha, akabwerera kukhala magazi ofiira piriwiri n'kumadzadza msanga, khungu lozungulira likafiira n'kumatentha, mimba ikatupa mbali imodzi n'kulimba, kapena madzi akasiya kutuluka mwadzidzidzi kuchoka pa 60 kufika pa ziro koma gozi akunyowa. Kotereko sikuchira, ndi kutsekeka. Kapaipi kakasololoka kokha musakabwezere mkati, phimbani pabowo ndi gozi mupite nako kuchipatala.

Ndiwonjeze, poti ena angamve ngati ndikuti kakhale mpaka kalekale. Ayi. Kakakhalitsa nakonso kamaitana tizilombo. Masabata atatu akamayandikira madzi asakutsika, dokotala aganize zina.

Mphunzitsi_Miseu4
Ndiye akachotse ndani poti mwini opaleshoni ali ku Johannesburg?

Dotolo_wa_kuMudzi
Kuchotsa kwake si nkhani yovuta kwa munthu wophunzira. Kiliniko ofesa kapena namwino amene wagwirapo ku wodi ya opaleshoni amachita pa mphindi zochepa. Amatsegula kabotolo kuti kasiye kuyamwa, amadula kaulusi kamodzi kogwira kapaipi, n'kukoka mosadukiza wodwala akupuma mozama. Chimene anthu sadziwa n'chakuti mbali ya mkati ndi yaitali, mtundu wina ndi woyera, wophwatalala, wa timabowo, ngati masentimita 20, wokulirapo kuposa kapaipi ka kunjaka. Wokoka kunyumba akamva kulimba amachita mantha n'kusiyira panjira, kapena kutsomphola mpaka kuduka, chidutswa n'kutsala m'mimba. Wachipatala amayang'ana kuti katuluka konse. Bowolo silisokedwa, limatsekeka lokha pa masiku ochepa.

Poyamba alembereni dokotala wawo pa WhatsApp, mutumize chithunzi cha kope lija ndi cha bala, anene yekha kuti kachoke liti. Kenako mupite ndi mapepala onse a opaleshoni. Muli ndi St Montfort pa Nchalo pomwepo, chipatala cha boma ku Chikwawa, ndipo zikafuna madokotala akuluakulu a opaleshoni, Queens ku Blantyre.

Nachisale_wa_Nchalo
Ndabweranso abale, lero Lachinayi, tsiku la 12. Dokotala wawo anayankha, ndipo anawakalipira kuti anachoka osatsanzika bwino. Wanena zomwezo za 30 masiku awiri. Kope likuti Lachiwiri 62, Lachitatu 70, lero mpaka pano 25 koma tsiku silinathe. Lachitatu anakwera bwanji? Ndadabwa.

Namwino_Wopuma_Ngabu
Lachitatu anagwira ntchito yanji?

Nachisale_wa_Nchalo
Anasesa pabwalo ndi kuchapa zovala zawo ine nditapita ku msika. Akuti anatopa ndi kugona.

Namwino_Wopuma_Ngabu
Ndi zimenezo. Akamawerama ndi kudzuka khungu limasisitika pa minofu, madzi amachuluka. Kuyenda pang'onopang'ono inde, tsache ayi, mjigo ayi, mtondo ayi, ndowa pamutu ayi, kunyamula mwana ayi, mpaka masabata asanu ndi limodzi kapena dokotala atawalola. Auzeni kuti anamwino a ku Ngabu akuti tsache lililonse ndi tsiku lina la kapaipi.

Azakhali_a_Makhanga
Apatseni phala la mchewere lothira nsinjiro, ndi mlamba wouma. Pamenepa anamwino musanditsutse.

Namwino_Wopuma_Ngabu
Kkkk apa tagwirizana azakhali. Nsomba, nyemba, mazira, bala limafuna zimenezo. Muwonjezere masamba ndi papaya kuti asadzimbidwe, kukankha kuchimbudzi ndi mimba yosokedwa ndi chilango. Mchere wokha muchepetse mu mlambawo.

Nyakwawa_Tengani
Tsono munthu wachepetsa mimba, inu mukumudyetsanso kuti ibwerere?

Mai_Mapasa_Bangula
A Nyakwawa pitani mukamwetse mbuzi.

Nachisale_wa_Nchalo
Lolemba, tsiku la 16. Loweruka 29, Lamulungu 22, madzi achikasu owala. Dokotala anati kachoke, ndiye m'mawa uno tinapita kuchipatala ndi kope lathu. A kiliniko ofesa anawerenga tsamba lonse, anafunsa kuti watiphunzitsa kulemba chonchi ndani. Kukoka kwake sindinathe n'kuwerenga mpaka teni, akulu anga anangoti "mayo" kamodzi basi. Koma kutalika kwa chimene chinatuluka, abale! Ine ndikanakoka Lachiwiri lija ndikanakomoka ndi sizasi m'manja. Atiuza tibwerenso Lachisanu akaone ngati madzi sakudikha, ndipo tikiti yobwerera asintha, akhala kaye masabata awiri.

Mayi_Fatima_EastBank
Tathokoza Mulungu. Kabotoloko munakataya kuti? Ana angakatole n'kumaseweretsa.

Nachisale_wa_Nchalo
Kanatsala konko, anakaponya mu ndowa ya zinyalala zokawotcha.

Namwino_Wopuma_Ngabu
Mwachita bwino mwana wanga. Lamba asavule, ndipo masiku ano ndi amene muziyang'anitsitsa m'munsi mwa mchombo m'mawa uliwonse ataimirira. Pakayamba kugwedezeka ngati jumbo ya Mai Mapasa ija, musadikire Lachisanu.

Kabaza_Dyeratu
Lachisanulo ngati mukufuna transipoti ndilipo, ndiyenda pang'onopang'ono

Dotolo_wa_kuMudzi
Pa njinga yamoto ayi achimwene, ndi mabampu a msewu wa kumsika uja. Apeze galimoto.